Phulusa m'botolo la golide

Linali Lachiwiri, pa 14 Malichi 2006, nthawi itadutsa teni koloko m'mawa ndi mphindi makumi awiri. Nthawiyo ndikuikumbukira bwino chifukwa wotchi ya pakhoma inali pamwamba pa sinki yanga, ndipo ndinkayang'ana wotchiyo poopa kuyang'ana anthu. Madzi amene ankawira m'botolo lalikulu la galasi ankayenera kufiira, koma sanafiire. Anayamba kuda, kenako anasanduka a buluu wothimbirira, ndipo pansi pa botolo panayamba kudikha timibulu takuda. A Kanyumbu, bwana wathu, anavula magalasi awo nandifunsa funso limodzi. Yankho limene ndinapereka ndi limene landilembetsa mutu uno.

Tadala ndi Yamikani, ana anga, mwakhala mukundiuza kuti popeza msana wandipumitsa ntchito msanga, ndilembe za moyo wanga. Za kumudzi ku Dedza mukuzidziwa kale. Mukudziwanso kuti sukulu ndinalekezera Sitandade 5. Ndiyambira pa ntchito yanga yoyamba, chifukwa ndi kumene kuli nkhani imene sindinauzepo munthu, ngakhale bambo anu.

2004

Nthawi imeneyo tinkakhala ku Kawale, m'chipinda chimodzi cha lendi kuseri kwa msika. Bambo anu ankagwira maganyu omanga ku Area 25, sabata ina ntchito ilipo, sabata ina palibe. Iwe Tadala unali ndi miyezi isanu ndi iwiri. Mayi wina wa kutchalitchi anandiuza kuti pa kachipatala ka bungwe lina chakumtunda kwathu akufuna munthu wotsuka. Ndinapita Lolemba m'mamawa, iwe uli kumbuyo. Nditafika ndinaona anthu ovala zoyera akulowa ndi kutuluka, ndipo ndinaopa kulowa. Ndinaima pansi pa mtengo wa mango kuyambira seveni koloko mpaka dzuwa litakwera. Manyazi anga inu munawapeza atachepa. Kalelo munthu akandifunsa dzina ndinkayankha ndikuyang'ana zala za kumapazi.

Amene anandipeza pamenepo anali mayi wamtali, wovala mpango kumutu ndi chovala choyera cha kuchipatala.

"Achemwali," anatero, "mwabwera kudzayezetsa mwana, kapena akulembani ntchito yolondera mtengowu?"

Ndinanong'ona kuti ndikufuna ntchito yotsuka.

"Ndiye akulembeni ndi mango? Tiyeni kuno."

Amenewo anali a Asiyatu. Kwawo kunali ku Mangochi, anaphunzira ntchito ya m'labotale, ndipo ankakhala ku Biwi ndi ana atatu, amuna awo atamwalira. Ananditengera m'kachipinda kakuseri kwa chipatalacho, momwe munali mabotolo a galasi amitundumitundu, fuliji, ndi makina oonera tizilombo m'magazi. A Kanyumbu anali munthu wamfupi, wa ku Ntcheu, wophunzira kwambiri, wolankhula mothamanga. Sanandifunse za sukulu. Anangondipatsa kabotolo kamodzi nati, "Tsukani tione." Ndinatsuka bwinobwino, ndipo monga mmene mkazi aliyense wolongosoka amachitira, ndinagwira nsonga ya chitenje kuti ndipukute.

"Ayi! Ayi! Mayi, siyani!"

Ndinatsala pang'ono kuligwetsa. Ndinaganiza kuti ntchito yatha isanayambe. Koma iwo anaseka nati, "Muno sitipukuta. Chimene chikuoneka choyera kunyumba, muno n'chakuda. Mukagwira mfundo imeneyi, ntchito mwaipeza." Anati anditenga chifukwa manja anga sathamanga.

A Asiyatu ndi amene anandiphunzitsa dongosolo lake. Poyamba sopo wa m'labotale, osati wina aliyense. Kenako kutsukuluza ndi madzi a pampopi. Pomaliza kutsukuluza katatu ndi madzi otcheza, amene makina athu ankadontheza pang'onopang'ono pakona. Nditawaona makinawo ndinalankhula mosaganiza kuti akufanana ndi momwe azakhali anga ankatchezera kachasu kumudzi. A Asiyatu anaseka mpaka kugwira tebulo. "Bwana, mwamva? Ine Msilamu mwandiika pa kachasu zaka ziwiri osandiuza!" Kuyambira tsiku limenelo madziwo tinkawatchula kuti kachasu wa a Kanyumbu. A Asiyatu anali ndi chizolowezi chawo chimene ndinachizindikira msanga. Chilichonse chimene atsuka okha ankachivundikira pa kapepala koyera, n'kupinda ngodya imodzi ya kapepalako. Ngodya yopindayo inkatanthauza kuti ichi chatha, musachigwirenso.

Panapita miyezi ndisanadziwe chimene tinkachita m'chipindamo. Tsiku lina tikumwa tiyi, a Kanyumbu anandionetsa kapepala koyezera malungo, kaja amadonthezapo magazi a pachala, nandifunsa ngati ndikudziwa chimene chimapanga mzere wofiira. Ndinati mwina ndi magaziwo.

"Ndi golide," anatero.

"Golide weniweni," anawonjezera a Asiyatu. "Ndiye musadabwe kutiona tikuyenda pansi mpaka ku Biwi, ndife olemera mobisa."

A Kanyumbu anafotokoza kuti golide akakhala timibulu tating'onoting'ono kwambiri, toti ngakhale makina athu oonera tizilombo sangatione, sakhalanso wachikasu. Kuwala kukamugunda amaoneka wofiira. Timibuluto amatimatira mankhwala ogwira zinthu zochokera ku tizilombo ta malungo, ndipo tikasonkhana pamalo amodzi pakapepala, mzere umaoneka. "Koma golideyu ndi wokwiya msanga," anatero. "Timibuluto timafuna kukhala patalipatali. Mukalowa kamchere ngakhale pang'ono pa nthawi yolakwika, timagwirana, timaundana, ndipo kufiira kumatha. Amasanduka wa buluu, ndiye kuti wafa. N'chifukwa chake ndimakuvutitsani ndi madzi otcheza." Vuto limene ankalimbana nalo linali lakuti tizilombo tikachepa m'magazi, golide wosonkhana amachepanso, ndipo mzere umakhala wotuwa moti diso siliuona. Mwana amauzidwa kuti alibe malungo, amabwerera kunyumba, n'kudzabweranso atafooka. Iwo ankafuna mzere woti uzioneka ngakhale tizilombo tili tochepa. Ankaphika okha golide wawo kuti timibulu tikhale tokulirapo ndi tofanana, ndipo pamapeto ankadonthezapo madzi a siliva. Silivayo ankamatirira pa golide ngati mwaye kumphika, mzere wotuwa uja n'kuda bii.

Dzinja la 2005

Pofika chaka chimenechi ndinali ndi ntchito ina imene sinalembedwe paliponse. Anazindikira kuti maso anga ndi akuthwa. Akakangana awiriwo ngati mzere ulipo kapena palibe, ankandiitana. Ndinkapukuta manja, n'kutenga kapepalako kupita nako pawindo, n'kunong'ona kuti, "Ulipo." A Kanyumbu ankati, "Kwezani mawu, Mayi Elube, tizilomboto sitikuluma mukatitchula." Zimenezi zinkandisangalatsa kuposa momwe ndinkaonetsera. Ine wa Sitandade 5, anthu ophunzira ankadikira mawu anga.

M'mwezi wa Febuluwale iwe Tadala unatentha thupi. Ndinakutengera kuntchito chifukwa panalibe wokusiyira. Kutsogolo kuchipatala anakuyeza ndi kapepala wamba, ndipo mzere sunaoneke. Anati mwina ndi chimfine, anandipatsa mankhwala oziziritsa thupi. Ndinakugoneka pachitenje pafupi ndi sinki, ndikumatsuka mabotolo, misozi ili m'maso. A Asiyatu anakuyang'ana, anakugwira pakhosi, nati, "Amake Tadala, chimfine ndimachidziwa, ndalera atatu. Bweretsani chala chakecho." Anadontheza magazi ako pa kapepala kathu, anadikira, nadonthezapo madzi a siliva. Mzere unayamba kutuluka pang'onopang'ono mpaka unada. Koma mapepala athuwo anali oyeserera chabe, ndipo lamulo silinkalola kupereka mankhwala potengera iwo. Choncho a Asiyatu anapaka magazi ako pagalasi nakhala pa makina oonera tizilombo. Anthu anapita kukadya, iwo ali pomwepo. Anthu anabwerako, iwo ali pomwepo, khosi litapindika. Kenako ndinamva akuti, "Ndakupeza, mbava iwe." Anadzuka okha kukaitana adokotala kuti adzaone ndi maso awo. Unayamba mankhwala a malungo tsiku lomwelo.

Ndinafuna kuwathokoza. Ndinangogwada pakhomo la labotale. Anandidzutsa pondikoka mkono. "Pansi apa mwakolopa nokha, musadetsepo ndi mawondo."

Ndalemba zimenezi kuti mudziwe munthu amene ndinamulakwira.

Febuluwale ndi Malichi 2006

Chaka chimenechi chinayamba ndi kusowa kwa zinthu. Magetsi ankazimazima, ndipo akazima makina otcheza madzi ankaima. Tsiku lina tinkapeza madzi okwana, tsiku lina theka la chigubu. Asidi amene a Asiyatu ankatsukira mabotolo ophikira golide anatha, ndipo amene anaitanitsa sankafika. Ineyo asidiyo sankandilola kumugwira. Pa mabotolo atatu aakulu ophikira, awiri anali atasweka, latsala limodzi. Golide weniweniyo, amene ankabwera ngati ufa wachikasu m'kabotolo kochepa ngati chala, anatsala wophika kamodzi kokha. Ndipo kumapeto kwa Malichi kunkabwera alendo ochokera kwa amene ankapereka thandizo, kudzaona ngati ntchitoyo ipitirire kapena ayi. A Kanyumbu ankafuna kuwaonetsa mapepala atsopano a golide wophika kumene. Tonse tinkadziwa kuti alendowo akapanda kukhutira, labotale itsekedwa.

Botolo lotsalalo linali ndi utoto wofiirira m'kati, wotsalira pa kuphika kwa m'mbuyo. Sopo sankauchotsa, unkachoka ndi asidi yekha. Lachisanu masana a Kanyumbu analinyamula, naliyang'ana pawindo, nausa moyo. "Likanayera ili, bwenzi ndikupuma bwino," anatero. Sankalankhula ndi ine. Ankangodandaula okha. Koma ine ndinamva, ndipo ndinapita nawo mawuwo kunyumba.

Pa mdadada wa nyumba zathu ku Kawale panalibe mkazi amene mapoto ake ankawala kuposa anga. Amayi anandiphunzitsa kukwecha ndi phulusa, ndipo palibe chimene chinkandikanika. Loweruka ndi Lamulungu lonse ndinkangoganiza kuti anthu ophunzirawa akuvutika ndi chinthu chimene ine ndikuchidziwa. Ndinaganizapo zofunsa kaye. Ndinakonza ngakhale mawu ake. Koma ndikaganiza zoima pamaso pa a Kanyumbu n'kutchula phulusa la m'mbaula m'chipinda cha golide, ndinkaona ngati andiseka. Ndinati ndingochita, akaona kuwala adzakondwa.

Lolemba ndinasefa phulusa pa kansalu, ndinaliika m'kachitini ka majarini, ndinalibisa m'chitenje. Masana a Kanyumbu anapita m'tauni kukapempha asidi kwa anzawo, a Asiyatu anapita kukaswali. Ndinamanga chinkhupule kukamtengo, ndinathira phulusa lonyowa m'botolo, ndinakwecha. Utoto uja unachoka. Ndinatsukuluza ndi madzi a pampopi mpaka ndinaona kuti layera. Madzi otcheza anali ochepa, ndipo ndinadziwa kuti mawa afunika ophikira, choncho ndinatsukuluza kamodzi m'malo mwa katatu. Kachitini kaja ndinakakankhira pansi pa sinki, kuseri kwa ndowa.

A Kanyumbu anabwerako chimanjamanja, nkhope ili gwa. Ataona botololo anaima.

"Asiyatu, asidi mwamupeza kuti?"

"Si ine, bwana. Funsani manja a amake Tadala."

Onse awiri anandiyang'ana. Ndinati ndinaliviika m'sopo kuyambira Lachisanu. Zinali zoona, ndinaliviikadi, koma sindinamalize nkhani. A Kanyumbu anawomba m'manja. "Mwaona! Ine ndikuzungulira tauni yonse, mankhwala ali pa sinki pomwe pano. Mayi Elube, inu ndinu dalitso." Chibadwire palibe munthu wophunzira amene anandiyamikirapo choncho. Ndinapita kunyumba ndikumwetulira ndekha mumsewu.

Lachiwiri lija

Magetsi analipo, ndiye anaganiza zophika m'mawa womwewo. A Asiyatu anayeza pasikelo ufa woyera umene ankathira kuti golide asanduke timibulu. A Kanyumbu anasungunula golide womaliza uja m'madzi otcheza, nayamba kuwiritsa. Ndinali nditaonapo kuphika kumeneku kambirimbiri. Madzi achikasu amayera, kenako amada, kenako amatsegukira ku kufiira kokongola ngati chakumwa cha ana. Tinkadikira kufiirako ngati mmene anthu amadikirira mwana kulira akangobadwa. Madzi anayera. Anada. Tinadikira. A Asiyatu anati, "Akubwera, bwana, musamuthamangitse." Koma sanabwere. Anapita ku buluu, ndipo timibulu takuda tinayamba kugwa pansi.

Pamenepo m'mutu mwanga munabwera chidulo. Kumudzi tikafuna kuphika therere tinkathira madzi pa phulusa, madziwo n'kumadontha pansi, ndipo ukawalawa amakhala ndi mchere wake woluma lilime. Ndinkazidziwa zimenezi kuyambira ndili mwana. Phulusa lili ndi mchere. A Kanyumbu anali atandiuza momveka kuti mchere umapha golide. Zinthu ziwirizi ndinkazidziwa zonse, koma sindinaziike pamodzi mpaka nthawi imeneyo. Ndinakweza maso kuyang'ana wotchi.

"Mayi Elube," anatero a Kanyumbu, magalasi ali m'manja. Sanakalipe. Mawu awo anali otsika. "Botololi munangotsuka ndi sopo wathu yekha, n'kutsukuluza katatu monga mwa nthawi zonse?"

Ndinaganiza za chipinda chathu cha lendi, za bambo anu amene anali atakhala milungu itatu opanda ganyu, za iwe Yamikani amene unali m'mimba miyezi inayi ndisanauze aliyense kuntchito. Koma ndisakunamizeni kuti ndinaganiza za inu nokha. Chachikulu chinali manyazi. Dzulo lake anali atanditchula dalitso.

"Eya, bwana," ndinatero.

Anagwedeza mutu, anandikhulupirira. A Asiyatu anati atenge ndowa yothiramo zowonongekazo, nawerama pansi pa sinki. Anachedwako pang'ono. Ine ndinali ndikuyang'anabe wotchi, ndipo sindinaganizepo kanthu za kuchedwako. Atadzuka ndi ndowa, a Kanyumbu anawafunsa za ufa woyera uja. Sikelo yathu inkavuta magetsi akamasinthasintha, ndipo chaka cham'mbuyo a Asiyatu anali atalakwitsapo kamodzi poyeza.

"Munayeza kawiri monga ndinanenera?"

A Asiyatu anaika ndowa pansi. Kenako anati, "Mwina ndi ine, bwana. Mwina sikelo ndinaiwerenga molakwa."

"Mwina? Asiyatu, golide womaliza, inu mukuti mwina?"

Anawalankhula mawu ambiri amene sindikufuna kuwalemba, chifukwa a Kanyumbu sanali munthu woipa, anali munthu amene ntchito ya zaka zake inali itathera m'ndowa. A Asiyatu anangoima, manja ali kumbuyo. Ine ndinatsegula mpopi kuti madzi azisokosera. Tsiku lonselo palibe amene anamwa tiyi. Poweruka ndinathawa msanga osatsanzika, ndipo kachitini kaja ndinakasiya pomwepo chifukwa a Asiyatu anali akadali m'chipindamo.

2006 mpaka 2009, ndi pambuyo pake

Alendo aja anabwera. A Kanyumbu anawaonetsa mapepala akale amene anali atayamba kufooka, ndi zolemba zawo. Alendowo anamvetsera mwaulemu, anafunsa chifukwa chake panalibe atsopano, ndipo anauzidwa kuti panachitika cholakwika poyeza mankhwala. Sindikunena kuti golide uja akanafiira ndiye kuti zonse zikanayenda. Mwina akanatseka ndithu, poti mavuto anali ambiri. Zimenezo sindingazidziwe. Chimene ndikudziwa n'chakuti kumapeto kwa Epulo labotale inatsekedwa, ndipo m'lipoti munalembedwa kuti amene analakwitsa ndi woyeza. Chipatala chinali ndi malo a munthu mmodzi woyeza magazi kutsogolo, ndipo aliyense ankayembekeza kuti apatsa a Asiyatu. Anapatsa munthu wina. Ine anandisamutsira kokolopa m'mawodi, chifukwa a Kanyumbu anandilembera kalata yabwino yonena kuti ndine wosamala ndi wokhulupirika. Kalatayo ili m'sutikesi yobiriwira ija. Mwaiwerengapo, ndipo munkanyadira.

Tsiku lawo lomaliza a Asiyatu anandipeza ndikufinya chokolopera. Anandipatsa kapu yawo ya tiyi, nandigwira pamimba. "Mumaganiza kuti sindikuona? Ameneyu ndi mwamuna, akukankha ngati kondakitala wa minibasi." Ndinaseka, misozi ikutsika. Kenako anati, "Tadala mumuike kusukulu, achemwali. Ndipo mumuphunzitse kufunsa. Asamaope kufunsa." Ndinati chabwino. Ndinali ndi mpata wonse wolankhula, panalibe wina pafupi. Ndinangoti ayende bwino. Sindinawaperekeze ngakhale pa siteji.

Ndinamva kuti anafunafuna ntchito mu Lilongwe miyezi ingapo osaipeza, nayamba kugulitsa nsalu, kenako anatenga ana kubwerera ku Mangochi. Ku Biwi kuchokera ku Kawale ndi pafupi, munthu umayenda wapansi. Miyezi yonse imene anali akadali kumeneko ndinkati ndipita Loweruka likubwerali. Sindinapite. A Kanyumbu anapita kukaphunzitsa, ndipo ndinakumana nawo kamodzi kokha mu 2008 pa depoti. Anandipatsa moni mwansangala, nafunsa za ana. Ananenanso kuti mpaka pano samvetsa momwe munthu wosamala ngati Asiyatu analakwitsira tsiku loterolo. Minibasi yanga inali isanadzaze, nthawi inalipo. Ndinati, "Zimachitika, bwana."

Mu 2009 anandisamutsira ku chipatala china ku Area 25, ndipo pambuyo pake ku Chinsapo kumene ndapumira. Mabwana ndaona ambiri, abwino ndi ovuta, koma za iwo ndidzalemba pena. Kulikonse ndinkadziwika kuti ndine mayi wofunsa kwambiri. Anamwino achitsikana ankandiseka kuti ngakhale sopo watsopano ndimafuna kudziwa kaye ngati ndi wololedwa. Sankadziwa kumene ndinaphunzirira. Timapepala toyezera malungo tinadzafala m'zipatala zonse, ndipo ndakolopa pansi pa matebulo ambiri pamene ana ankayezedwa. Ndikaona namwino akupendeketsa kapepala pawindo, akukayika ngati mzere ulipo, ndinkasiya chokolopera n'kupempha kuti ndione nawo. Ena ankalola, ena ankandibweza.

Ngati a Asiyatu ali moyo sindikudziwa. Ana awo mayina ndikuwakumbukira, ndawalemba kuchikuto cha kope lino. Inu mumadziwa kufufuza anthu pa foni. Mukawapeza, muwawerengere mutu uno wonse, osadumpha.

Lachitatu, pa 15 Malichi 2006

Ndasiya dala tsiku limeneli kuti likhale pomaliza, chifukwa ndi limene limandiwawa kuposa Lachiwiri. Lachiwiri ndinganene kuti ndinadzidzimuka. Lachitatu ndinali nditaganiza.

Ndinadzuka m'mamawa ndi maganizo awiri. Ena ankati ndikafike msanga, ndikadikire a Kanyumbu pakhomo, ndikawauze zonse. Ena ankati ndikafike msanga, ndikataye phulusa lija anthu asanabwere. Njira yonse kuchokera kunyumba, kudutsa pamsika pamene amayi ankayala tomato, sindinadziwe kuti ndikatsata ati. Mlonda ananditsegulira, nadabwa kuti ndalawira. Ndinalowa m'labotale, ndinagwada pansi pa sinki, ndinasuntha ndowa.

Kachitini panalibe.

Ndinafufuza kuseri kwa mapaipi, ndinayang'ana m'bini. Nditaimirira ndi pamene ndinakaona. Kanali pa thandala loumitsira mabotolo, pakati pa magalasi a ntchito ya golide, kopanda phulusa ngakhale pang'ono, kotsukidwa bwino m'kati ndi kunja. Kanali kovundikira pa kapepala koyera, ndipo ngodya imodzi ya kapepalako inali yopinda.

Ndinaima pamenepo nthawi yaitali. Kenako ndinamva nsapato za a Kanyumbu pakhonde, ndi mawu a a Asiyatu akupereka moni kwa mlonda kumbuyo kwawo. Ndinatenga kachitiniko, ndinakakulunga m'chitenje, ndinakaika pansi pa chikwama changa. Kapepala kaja ndinakapinda n'kukaika m'thumba la epuloni. Chitseko chitatseguka ndinati, "Mwadzuka bwanji, bwana? Mwadzuka bwanji, achemwali?" Ndipo ndinatsegula mpopi n'kuyamba kutsuka.